Pulani ya Schlieffen inalepheranji? Mlandu si wa Moltke yekha

Funso: Ndimaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ina ku Dedza. Tikafika pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, manotsi omwe tonse timagwiritsa ntchito amangoti pulani ya Schlieffen inalephera chifukwa Moltke anaisintha, komanso chifukwa dziko la Belgium linakana kugonja. Ana amandifunsa kuti, akanapanda kuisintha, Germany ikanapambana? Nanga khalidwe lokonzeratu nkhondo papepala zaka zambiri isanayambike linachokera kuti? Ndithandizeni, ndisamangowapatsa zoloweza.

Yankho: Aphunzitsi, ana anuwo agunda pamutu pa nkhani. Yankho langa ndi lakuti ayi, sindikhulupirira kuti Germany ikanapambana ngakhale Moltke, mkulu wa asilikali a Germany mu 1914, akanapanda kusintha ndi chilembo chimodzi chomwe cha pulani imeneyi, yomwe inali yoti Germany igwetse France msanga podzera ku Belgium. Zomwe zili m'manotsizo si zabodza, koma n'zapamwamba chabe. Pulaniyo inkafuna kuti munthu woyenda pansi apitirire sitima yapamtunda, ndipo vuto limenelo linalimo kuyambira tsiku lomwe inalembedwa.

Ndiyambe ndi funso lanu lachiwiri, poti ndilo lalifupi. Kalekale pulani ya nkhondo inkakhala m'mutu mwa mtsogoleri mmodzi. Napoleon ankaganiza yekha, alembi ake n'kumangotumiza malamulo. Mu 1806 asilikali a Napoleon yemweyo anaphwanya asilikali a Prussia ku Jena ndi ku Auerstedt, ndipo manyazi amenewo ndi omwe anabala njira yatsopano. Anthu monga Scharnhorst ndi Gneisenau anaona kuti dziko silingamadikire kuti kubadwe munthu wanzeru zoposa onse. Anakhazikitsa sukulu ya akuluakulu a asilikali ku Berlin mu 1810, n'kulimbitsa gulu la maofesala osankhika lotchedwa General Staff. Ntchito ya gululi inali kujambula mapu, kuphunzira nkhondo zakale, kuyeserera nkhondo patebulo, ndi kulemberatu chochita ngati mdani uyu kapena uyo atayamba ndewu. Linkagwira ntchito imeneyi nthawi ya mtendere, chaka ndi chaka.

Yemwe anaonetsa dziko lonse mphamvu ya njira imeneyi ndi Helmuth von Moltke, amene anatsogolera gululi kuyambira 1857 mpaka 1888. Apa muwachenjeze ana, chifukwa a Moltke alipo awiri. Uyu ndi wamkulu. Wa 1914 uja ndi mwana wa mng'ono wake, ndipo mayina awo ndi amodzimodzi. Moltke wamkuluyo anazindikira msanga kuti njanji yasintha nkhondo: amene angasonkhanitse asilikali ake kumalire mwachangu ndi amene wapambana theka la nkhondo. Anagonjetsa Austria mu 1866, kenako France mu 1870 ndi 1871, mpaka mfumu Napoleon III inagwidwa ku Sedan. Mayiko ena ataona zimenezi, aliyense anathamangira kukhazikitsa General Staff yake. Chodabwitsa n'chakuti Moltke mwiniwakeyo sankapembedza mapulani. Analemba kuti palibe pulani yomwe ingadalirike kupitirira tsiku lomwe wakumana koyamba ndi gulu lalikulu la mdani. Ankakonza mosamala za kusonkhanitsa asilikali, zotsalazo n'kusiyira maso ndi nzeru za tsikulo. Omutsatira anatenga za njanjizo, chenjezolo n'kulisiya.

Tsopano tibwere kwa Alfred von Schlieffen, yemwe anali mkulu wa General Staff kuyambira 1891 mpaka kumayambiriro kwa 1906. Chomwe chinkamusowetsa tulo ndi mgwirizano wa France ndi Russia womwe unatsimikizidwa mu 1894. Germany inali pakati, mdani kumadzulo, mdani kum'mawa. Maganizo ake anali akuti Russia ndi dziko lalikulu, njanji zake n'zochepa, choncho idzatenga nthawi kuti isonkhanitse asilikali. Mpata umenewo, pafupifupi masabata 6, ndi wokwanira kugwetsa France, kenako n'kukweza asilikali m'sitima kupita kum'mawa. Koma malire a France ndi Germany anali otchingidwa ndi malinga amphamvu ku Verdun, Toul, Épinal ndi Belfort. Kulowera pamenepo kunali kudzipha. Njira yotseguka inali yodzera ku Belgium, dziko lachidikha, la misewu ndi njanji zambiri.

Schlieffen ankaikonda kwambiri nkhondo ya ku Cannae ya mu 216 Yesu asanabadwe, pomwe Hannibal anazinga gulu lalikulu la Aroma n'kulitheratu tsiku limodzi. Iye ankafuna zoterozo, koma pa dziko lonse la France. Muwauze ana aganizire chitseko. Mahinjesi ali cha ku Metz, ndipo chitsekocho chikuzungulira kudzera ku Belgium, kutsikira kumpoto kwa France, kudutsa kumadzulo kwa Paris, n'kukanikizira asilikali a France ku malinga awo omwe. Mbali ya kumahinjesi imangosuntha pang'ono, koma ya kuchogwirira imayenda mtunda wautali zedi. Kuchogwirira kumeneko kunali anthu, aliyense ndi miyendo iwiri ndi katundu kumsana.

Pali zinthu ziwiri zokhudza chikalata chomwe Schlieffen analemba kumapeto kwa 1905 zomwe manotsi satchula. Choyamba, nthawi imeneyo Russia inali itangogonja kwa Japan ndipo kwawo kunali zipolowe, motero chikalatacho chinkakamba za nkhondo yolimbana ndi France, osadera nkhawa kwenikweni za kum'mawa. Chachiwiri, anawerengeramo magulu a asilikali omwe Germany inalibe. Anangowalemba papepala ngati alipo, kuwerengera madzi a mphutsi. Ndipo m'chikalata chomwecho iye mwini anavomereza kuti woukira mphamvu zake zimanka zichepa akamalowa mkati mwa dziko la eni, pomwe za wodziteteza zimanka zikula.

Nanga Moltke wamng'ono anasintha chiyani? Anachotsa zodzera ku Netherlands, pofuna kuti dzikolo likhale popumira pa malonda ngati Britain itatseka nyanja. Anawonjezera asilikali ku Alsace ndi Lorraine, chifukwa ankadziwa kuti France idzaukira kumeneko, ndipo inaukiradi. Sindikuona kupusa pa zimenezi. Pofika 1914 Russia inali itadzukanso, itamanga njanji zatsopano ndi ngongole zochokera ku France. Dziko lomwe Schlieffen ankaliona mu 1905 linali litapita. Komabe kusiya Netherlands kunabweretsa vuto lina: magulu awiri akuluakulu anayenera kupanikizana pa kampata kakang'ono ka ku Liège, mzinda wozunguliridwa ndi malinga 12. Kuti mpatawo usatsekeke, Liège inayenera kulandidwa masiku oyambirira enieni, nkhondo isanafike poti yapsa. Apa ndi pomwe pulani ya asilikali inalanda chiwongolero m'manja mwa andale. Mayiko ena akanatha kusonkhanitsa asilikali n'kumakambiranabe. Kwa Germany, kusonkhanitsa asilikali kunali kuyamba nkhondo, ndipo nkhondoyo inayenera kuyambira m'dziko lomwe silinalakwe kanthu.

Tsiku lomwe ndimakonda kufotokozera anthu ndi la 1 Ogasiti 1914. Madzulo a tsikulo, mfumu Wilhelm II itasayina kale lamulo losonkhanitsa asilikali, kunafika uthenga wochokera kwa kazembe wa Germany ku London, Lichnowsky. Uthengawo unkaoneka ngati ukunena kuti Britain sidzalowerera, ndipo idzaonetsetsa kuti France nayo ikhale phee, bola Germany isaukire France. Mfumuyo inasangalala mpaka kuitanitsa shampeni. Inauza Moltke kuti basi, asilikali onse atembenukire kum'mawa, kwa Russia. Moltke anayankha kuti n'zosatheka. Anati kusamutsa anthu miliyoni si chinthu chongoganiza pompopompo, ndipo akayesa, kum'mawako kukafika chikhamu cha anthu a mfuti, osokonekera, opanda chakudya. Mfumuyo inamubaya ndi mawu akuti bambo ake aakulu aja akanayankha mosiyana. Moltke analemba pambuyo pake kuti atabwerera ku ofesi yake anagwetsa misozi. Usiku womwewo kunabwera uthenga wina wonena kuti woyamba uja sanaumvetse bwino, ndipo zonse zinapitirira monga zinalembedwera. Koma taonani chomwe chinaonekera poyera: mkangano unayambira ku Sarajevo pa 28 Juni, wokhudza Austria ndi Serbia, koma Germany inali ndi pulani imodzi yokha, yoyambira ku Belgium. Pulani ina yotumiza asilikali ambiri kum'mawa anali atasiya kuikonza mu 1913. Pa 4 Ogasiti analowa m'Belgium, ndipo tsiku lomwelo Britain, yomwe inasayina nawo pangano la 1839 loteteza Belgium, inalengeza nkhondo.

Gawo la sitima linayenda bwino mochititsa kaso. Sitima pafupifupi 11,000 zinanyamula asilikali, mahatchi ndi mizinga. Pa mlatho umodzi wokha wa Hohenzollern ku Cologne panadutsa sitima 2,150 pakati pa 2 ndi 18 Ogasiti, pafupifupi imodzi pa mphindi 10 zilizonse. Zonse zomwe zinkatheka kuwerengeratu, anaziwerengera molondola. Mavuto anayamba pomwe njanji za Germany zinathera.

Liège inachedwetsadi zinthu. Malinga omaliza anagwa pa 16 Ogasiti, atachita kubweretsa mizinga ikuluikulu ya Krupp. Koma kuchedwa kwake kunali kwa masiku ochepa, ndipo ine ndimaona kuti Abelgium anapweteka Germany kwambiri m'njira zina ziwiri. Anaphulitsa milatho ndi ngalande za njanji zodutsa m'mapiri, komanso asilikali awo anathawira ku Antwerp m'malo mogonja, zomwe zinakakamiza Germany kusiya magulu ena kumbuyo kuti aziwalondera. Ena anatsalira pozinga linga la Maubeuge, ena kulondera misewu ndi masiteshoni. Chitseko chija chinkanka chifupika chikamazungulira.

Kuchogwirira kwenikweni kunali gulu loyamba, la Alexander von Kluck, anthu oposa 300,000. Analowa mu Brussels pa 20 Ogasiti, anamenyana ndi Angerezi ku Mons pa 23, n'kupitirira kummwera. Masiku ambiri ankayenda makilomita 30 kapena kuposa, dzuwa la Ogasiti lili phwee, fumbi lili koboo, jombo zitang'ambika, ena akugona chiyendere. Pofika ku mtsinje wa Marne anali atayenda pafupifupi makilomita 500 wapansi, akumenya nkhondo m'njira. Gulu la Kluck lokhalo linali ndi mahatchi pafupifupi 84,000, ofuna chakudya choposa matani 800 patsiku. Chakudya chimenecho sichinkafika. Mahatchi ankadya tirigu wosakhwima wa m'minda, n'kumadwala, n'kumagwa, ndipo hatchi ikagwa mzinga umatsala pamsewu. Magalimoto analipo ochepa, ambiri n'kuwonongeka. M'malo ena siteshoni yomaliza yotsitsira zipolopolo inali makilomita oposa 100 kumbuyo.

Mbali inayo zinthu zinali zosiyana. France nayo inali ndi pulani yake, Plan XVII, ndipo inalephera moopsa: pa 22 Ogasiti pokha asilikali a France pafupifupi 27,000 anaphedwa. Koma mkulu wawo, Joseph Joffre, anali munthu wosatekeseka, wosaphonya chakudya kapena tulo ngakhale zinthu zitafika pa mwana wakana phala. Ataona kuti ngozi ili kumpoto, anataya pulani yakeyo. Anayamba kukweza asilikali m'sitima kuchokera kum'mawa kwa France kupita cha ku Paris, n'kupanga gulu latsopano, lachisanu ndi chimodzi, pansi pa Maunoury. Njanji za France zonse zimakumana ku Paris, ndipo zinali zosawonongeka. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, aphunzitsi. Msilikali wa Germany ankazungulira kunja, wapansi, atatopa. Msilikali wa France ankadutsa mkati, atakhala pansi m'sitima. Ngakhale Moltke akanawonjezera magulu ena kudzanja lamanja, kuchogwirira kuja, monga Schlieffen ankafunira, akanayenda m'misewu iti, akanadya chiyani? Misewu yomwe inalipo inali yodzaza kale.

Kumapeto kwa Ogasiti Kluck anakhotera kummwera chakum'mawa, n'kudutsa kum'mawa kwa Paris m'malo mwa kumadzulo. Ena amamunena kuti anaphwanya pulani, koma analibe anthu okwanira kuzungulira mzinda waukulu chotero popanda kusiyana ndi gulu lachiwiri la Karl von Bülow. Pokhota, anaonetsa nthiti zake ku Paris. Boma la France linali litasamukira ku Bordeaux, koma mkulu wa asilikali oteteza mzindawo, Gallieni, anauona mpatawo. Maunoury ataukira, Kluck anabweza asilikali ake kuti akamutchinge, ndipo pakati pa iye ndi Bülow panatseguka mpata wa makilomita pafupifupi 50. Angerezi ndi Afalansa analowa pamenepo. Nkhani ya matakisi a ku Paris omwe ananyamula asilikali ndi yoona ndipo ana amaikonda, koma ananyamula anthu masauzande ochepa chabe pa nkhondo ya anthu pafupifupi mamiliyoni awiri, kuphatikiza mbali zonse.

Nthawi yonseyi Moltke anali ku Luxembourg, kutali ndi kunkhondo, mauthenga a wayilesi akufika mochedwa, ena tsiku lathunthu litadutsa. Pa 8 Sepitembala anatuma ofesala wina, Richard Hentsch, pa galimoto kuti akaone momwe zinthu zilili. Pa 9 Sepitembala dzanja lamanja la Germany linayamba kubwerera m'mbuyo. Pa 14 Moltke anachotsedwa, m'malo mwake n'kulowa Falkenhayn. Pofika kumapeto kwa chaka, maenje obisalamo asilikali anali atatambalala makilomita pafupifupi 700, kuchokera kunyanja ya kumpoto mpaka kumalire a Switzerland.

Cholakwa chomwe ndingamuimbe Moltke mosazengereza ndi cha magulu awiri omwe anachotsa kumadzulo cha pa 25 Ogasiti n'kuwatumiza ku East Prussia. Russia inali italowa kumeneko pa 17 Ogasiti, msanga kuposa momwe ankayembekezera, ndipo ku Berlin kunali mantha. Maguluwo anafika akuluakulu a asilikali a Germany kumeneko, Hindenburg ndi Ludendorff, atapambana kale ku Tannenberg, ndipo ku Marne anasowa. Mwina akanatseka mpata uja. Koma kutseka mpata si kugonjetsa France. Akanangopitirira masiku ena angapo, ndi asilikali otopa omwewo ndi mahatchi anjala omwewo.

Nanga n'chifukwa chiyani mlandu wonse unagwera Moltke? Anamwalira mu 1916, ndipo wakufa sadziteteza. Nkhondo itatha, akuluakulu a asilikali a Germany, monga Wilhelm Groener, ankafuna kuonetsa kuti General Staff sinalakwe, kuti pulani inali yangwiro koma inagwera m'manja mwa munthu wofooka. Nkhani imeneyo ndi yomwe inalowa m'mabuku a sukulu, mpaka kufika m'manotsi anuwo. Chikalata chenicheni cha Schlieffen chinasindikizidwa mu 1956 ndi katswiri wa mbiri Gerhard Ritter, ndipo anthu atachiwerenga anaona kuti chinali njuga. Mu 1999 Terence Zuber anafika ponena kuti pulani ya Schlieffen kunalibe n'komwe. Akatswiri ambiri sanavomereze zimenezo, nanenso ndimaona kuti anapitirira muyeso, koma mkanganowo unathandiza kuti anthu asiye kuona mivi yojambulidwa pamapu ngati malemba oyera.

Pali mbali ina yomwe ingathandize ana kumvetsa, chifukwa nkhondo yomweyi inafika kwathu kuno. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Guendolen inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli, tsidya la nyanja ku Tanzania. Ndipo pa 9 Sepitembala, tsiku lomwe Kluck ankayamba kubwerera m'mbuyo pa nkhondo ya ku Marne, ku Karonga kunali kulira mfuti. Mkulu wa asilikali a Germany kum'mawa kwa Africa, Paul von Lettow-Vorbeck, anali ndi maganizo otsutsana kwambiri ndi a Schlieffen. Iye sankafuna kupambana msanga. Ankafuna kuti nkhondo isathe, kuti Britain izitaya asilikali ndi chuma pomuthamangitsa m'malo mozitumiza ku Ulaya. Atagonjetsa Angerezi ku Tanga mu Novembala 1914, anaphunzira kusunga anthu ake ndi zipolopolo, kumenya n'kuthawa.

Kuno vuto la mahatchi a Kluck linaoneka poyera kuposa ku Ulaya. Njanji zinali zochepa, mahatchi ndi ng'ombe zinkafa ndi kashembe, ndiye chilichonse chinkayenda pamutu pa munthu. Amuna a ku Nyasaland pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga, ambiri mokakamizidwa. Apatseni ana samu iyi pabolodi. Wamtengatenga asenze ufa wa makilogalamu 25, ndipo phoso lake likhale kilogalamu imodzi patsiku. Ulendo ukhale wa masiku 10 kupita, masiku 10 kubwerera. Adya makilogalamu 20, ndipo kwa msilikali kwafika 5 okha. Ulendo ukatalika ndi masiku atatu mbali iliyonse, safikitsa kalikonse. N'chifukwa chake msilikali mmodzi wa kutsogolo ankafuna amtengatenga ambirimbiri kumbuyo, ndipo akuluakulu akaona kuti samuyo sikutuluka, chomwe ankadula ndi phoso la wamtengatengayo. Ambiri anafa ndi njala, kamwazi ndi chibayo osaonako mdani.

Lettow-Vorbeck anathana nalo vutoli mwankhanza: ankadya za m'midzi yomwe wadutsa, n'kusiya nkhokwe zili mbee. Mu Novembala 1917 anawoloka Rovuma kulowa m'Mozambique, n'kumalanda mfuti ndi chakudya kwa Apwitikizi. Chaka chotsatira anatulukira ku Northern Rhodesia, n'kulanda Kasama. Pa cholinga chake chokoka asilikali a ku Ulaya, ine ndimati anakwanitsa pang'ono chabe. Asilikali a ku South Africa omwe mkulu wawo Jan Smuts anabwera nawo mu 1916 ambiri anabwezedwa kwawo ndi malungo, ndipo zaka ziwiri zomaliza omuthamangitsa ambiri anali Aafirika, makamaka a King's African Rifles, omwe anakula kufika mabataliyoni 22, anthu omwe Britain sinkafuna kuwatumiza ku France n'kale. Uthenga woti nkhondo yatha ku Ulaya unamupeza pa mtsinje wa Chambeshi, ndipo anakatula zida ku Abercorn, lero Mbala, pa 25 Novembala 1918, ali ndi Ajeremani 155 ndi asilikali achikuda 1,168.